Mmene Ndinagawira Nsalu za Eni ku Biwi

Ndinaphunzira za chuma ku koleji kwa chaka chimodzi ndi theka. Zaka zotsalazo aphunzitsi anagwirizana kuti ndikamalizire kunyumba. Anzanga ankati ndawididwa, kutanthauza kuti andizula ngati udzu m'munda wa mtedza, koma ine ndinkauza anthu kuti ndikupuma kaye. Ndikupumabe mpaka lero. Tsono popeza palibe wina ku Kawale amene analembapo mbiri ya holo ya misonkhano ija, ndi zimene inachita pa chuma cha m'malokeshoni, ndaona kuti udindowu undigwere ine, makamaka poti mbali ina ya chumacho ndinaigwetsa ndi manja angawa.

Pamalopo kale panali tchire ndi timinda ta chimanga ta alonda a m'maofesi. Anthu a kwathu ankadutsapo wapansi popita kukasaka ganyu ku City Centre. Tsiku lina panabwera mpanda wa malata, njira yachidule ija inafa, ndipo tinayamba kuzungulira uku tikutukwana. Patapita zaka zingapo malata anachotsedwa, tinaona chinyumba cha magalasi, udzu wobiriwira pakati pa chilimwe, ndi mitengo yopachikapo mbendera itandandalika ngati ana a sukulu pa asembule. Pa tsiku lotsegulira panali magule ndi apolisi ambiri. Ife eni mzinda tinaonera bwinobwino, kunja kwa geti.

Kenaka misonkhano inayamba. Wa umphawi, wa madzi, wa edzi, wa ufulu wa amayi, ndi wina umene ndinamva kuti unali wokonzekera msonkhano wina. Ku koleji anatiphunzitsa kuti chuma cha akuluakulu chimadontha n'kufikira apansi. Funso limenelo ndinalilephera pa mayeso, koma kudonthako ndinakuona ndi maso. Mabotolo a madzi amene nthumwi zinkasiya pa matebulo ankapezeka kwa Mgona ali ndi palafini ndi mafuta ophikira. Zimapepala zikuluzikulu zimene ankalembapo mfundo zinkakulunga usipa pa msika wa Biwi, moti munthu ukamasula ndiwo unkayamba wawerenga kaye njira zothetsera njala. Matisheti a misonkhano anaveka makondakitala a minibasi. Ojambula zithunzi ankakhalira pa geti m'mawa, kujambula aliyense wovala jekete osamupempha, masana n'kuyala zithunzizo pansi, mwini nkhope adzadziwombole yekha. Ogulitsa ziboliboli anaphunzira kupereka moni m'zilankhulo zinayi.

Dontho lalikulu linagwera pakhomo pa azakhali anga.

Azakhaliwa ndi mlongo wa bambo anga, mayi wamasiye, ndipo ndi amene ananditenga pamene bambo analamula kuti ndisaonekere kumudzi ndi manja opanda pepala. Kwa zaka zambiri ankagulitsa makala m'mphepete mwa msewu ku Kawale. Ankatsokomola chaka chonse, ndipo akalavula pansi pankada. Mmodzi wa ogula awo anali bambo wina wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, amene ankayang'anira nsalu ndi mipando ku holo kuja. Bamboyo anaona chinthu chimodzi: mpango wa kumutu kwa azakhali unkakhala woyera mbee tsiku lililonse, pakati pa matumba a makala. Anati munthu wosunga mpango chotero angathenso kusunga nsalu za patebulo. Anakawalankhulira kwa mabwana ake, ndipo ntchito yochapa ndi kusita nsalu za holo inabwera ku Kawale.

Azakhali anasiya makala. Analemba amayi awiri oyandikana nawo kuti aziwathandiza. Pakhomo panalowa mpopi, tinasiya kukafola pa mzere wa madzi. Chifuwa chija chinatha pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina ndinazindikira kuti ndayamba kudzuka mochedwa chifukwa kunalibenso chondidzutsa.

Nsaluzo zinali ndi malamulo ake oposa a koleji. Zisakhudze pansi. Zisayanikidwe masana mphepo ya fumbi ikayamba. Magetsi akathima, simbi ya makala idutse pamwamba pa nsalu ina, osati pa izo. Ana a oyandikana nawo ankadziwa kuti chingwe chikayera, mpira ukaseweredwe kwina. Azakhali sankazitchula kuti nsalu za holo. Ankati nsalu za eni, ndipo ponena mawuwo ankatsitsa mawu ngati eniwo ali kuseri kwa bafa.

Ine gawo langa linali kunyamula. Poti ndinali wodziwa Chingerezi pakhomopo, ndinkatenga chikwama cha nsalu zoyera kupita nacho ku holo n'kubwerako ndi zakuda. Kuti alonda azindilola pa geti, bambo a ku Rumphi anandipatsa baji ya chingwe chovala m'khosi, yofanana ndi imene nthumwi zinkavala. Bajiyo inkafunika pa geti pokha. Ine ndinkaivala mu minibasi, pa msika, kometetsa, ndipo kamodzi ndinapita nayo pa maliro. Anthu anayamba kunditchula abwana a ku holo. Sindinawauze kuti atero. Sindinawaletsenso, chifukwa kudula munthu mawu ndi mwano.

Ku Biwi kunali mtsikana wina woluka tsitsi, wa banja lochokera ku Phalombe. Ameneyo ndinamuuza kuti ndine woyang'anira zipangizo za misonkhano, zomwe zinali zoona kuyambira pa siteji ya minibasi kukafika pa geti. Tsiku lina ndinamupeza akuluka munthu uku nkhope itagwa. Mkulu wake anali ndi chinkhoswe Loweruka, ndipo matebulo amene anabwereka ku sukulu ya pulayimale anali olembedwalembedwa ndi misomali.

"Pena alembapo kuti aphunzitsi a masamu ndi mfiti," anatero. "Ndiye akuchimuna akhale pamenepo? Atiseka mpaka kwawo ku Chinsapo."

"Zimenezo zisiyire ofesi yanga," ndinatero.

"Ofesi yako iti, iwe?"

Ndinagwira baji. Anaseka, koma anandiyang'ana kachiwiri, ndipo kuyang'ana kwachiwiriko ndi kumene kunaphetsa azakhali ntchito.

Sabata imeneyo kunali nsalu khumi ndi ziwiri, zazitali, zokonzekera msonkhano waukulu wa mayiko angapo umene unkayamba Lolemba. Azakhali ndi amayi awiri aja anazisita Lachisanu lonse. Loweruka m'mawa azakhali ankapita ku Area 25 kukagona kwa mnzawo wodwala, kubwerako Lamulungu madzulo. Anapinda nsaluzo okha, kuziika m'chikwama, n'kutseka zipi.

"Ukapereke m'manja mwa bambo aja. Osati kwa mlonda. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Ndipo usakhalire chikwamacho mu minibasi ngati tsiku lija."

Ndondomeko yanga inali yabwino kuposa chilichonse chimene ndinalembapo pa mayeso. Nsalu zikongoletse chinkhoswe Loweruka. Lamulungu m'mamawa ndikazitenge, ndichape, ndisite azakhali asanabwere, Lolemba m'bandakucha ndikhale ndili pa geti. Holo sitaya kanthu, Biwi ipindula. Akatswiri amati kugwiritsa ntchito chuma chongokhala. Ndinaika chikwama paphewa, m'malo mopita ku siteji ndinalowera njira ya ku Biwi wapansi.

Titayala nsaluzo pansi pa tenti, pabwalo panakhala bata. Achibale a ku Phalombe anali atabwera pa lole dzulo lake, ndipo amayi ena anabwera kudzazigwira ndi nsonga za zala, atapukuta kaye manja pa chitenje. Gogo wina wamwamuna, malume a mkwatibwi, anainamira n'kununkhiza. Eni chinkhoswe anandikhazika kutsogolo, pafupi ndi ankhoswe, pa mpando wokhala ndi khushoni. Ndinaona ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, mkeka ndi lichero zikuperekedwa, zonsezo pamwamba pa ntchito ya manja a azakhali. Nditi ndinene zoona, sindinawaganizire n'kamodzi komwe. Ndinkaganiza za mmene ndikhalire kuti baji ioneke.

Emsi wa tsikulo anali kamunthu kakafupi ka suti yonyezimira, kodziwa ntchito yake. Ntchito ya emsi ndi kuchititsa manyazi anthu mwaulemu kuti apereke zambiri. Pakati pa perekaniperekani anaimitsa nyimbo.

"Tamverani kuno, a ku Chinsapo! Nsalu mwatsamirazo musaziyese za pa kaunjika. Pamenepo pamatsamira nduna. Pamatsamira azungu. Inu achimwene a jekete yobwereka, chotsanipo chigongono!"

Anthu anafa nazo kuseka. Kenaka anabwera kwa ine ndi chimkuzamawu.

"Eni ake ndi awa, abwana a ku holo. Imirirani, bwana, anthu aone mmene ndalama imaonekera ikavala nsapato."

Ndinaimirira.

"Tsono bwana, tiuzeni pamaso pa ankhoswe. Nsaluzi muzitenganso, kapena mwatisiyira?"

"Atisiyire!" anakuwa amayi a kumbuyo. "Atisiyire!"

Ndimafuna ndilembe kuti ndinasokonezeka, kapena kuti chimkuzamawu chinandilanda nzeru. Ayi. Ndinaganiza bwinobwino. M'tauni muno aliyense amadziwa kuti zonenedwa pa chimkuzamawu cha emsi ndi sewero. Munthu amalonjeza ng'ombe, mawa lake palibe amene amabwera ndi chingwe. Ndinayang'ana mtsikana uja, anali ataima pafupi ndi mapoto atagwira chipande. Ndinakonza kukhosi monga ndinkaonera nthumwi zikuchitira.

"N'zazing'ono izi," ndinatero. "Ndasiya."

Nthungululu zake sindinazimvepo n'kale lonse, ndipo sindidzazimvanso. Amayi anandivinira mozungulira, wina anandipukuta nsapato ndi mpango wake. Mpunga wanga unabwera ndi ntchafu ziwiri. Dzuwa likulowa ndinauza mtsikana uja kuti ndibwera m'mawa kudzaona za nsalu, iye anati chabwino, ndipo ndinabwerera ku Kawale ndikuyenda ngati munthu amene wasiya galimoto ku garaja.

Chimene sindinawerengere n'chakuti anthu a ku Phalombe sanabwere kudzaonera sewero. Kwa iwo mawu onenedwa pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi mawu omanga. Ukwati weniweniwo umamangidwa ndi mawu otero, ndiye nsalu ndi chiyani?

Nditafika Lamulungu m'mawa, tenti inali itagwetsedwa, matebulo ali mbulanda, mfiti ya masamu ija ikuwerengeka bwinobwino. Lole inali itanyamuka kusanache. Mayi a mkwatibwi atandiona anathamangira m'nyumba kukatenga mpando, n'kugwada pambali panga. Mayi aakulu, a msinkhu wa azakhali, kugwadira ine.

"Bwana, dzulo sitinathokoze mokwanira. Tagawa monga mwa mwambo, kuti pasakhale wodandaula."

Anandifotokozera mwadongosolo. Zitatu zinapita kwa akuchimuna ku Chinsapo. Ankhoswe anatenga imodzi imodzi. Amayi ophika a kumudzi anatenga zawo, akuti akadula mipango ndi mabulauzi a kutchalitchi. Malume aja anapempha imodzi yathunthu, anati imeneyo aisunga m'sutikesi kuti adzawakulungemo tsiku lawo likadzafika, adzapite ngati nduna. M'nyumbamo munatsala ziwiri. Imodzi inali itadulidwa kale pakati, ikulendewera pa mawindo. Inayo inali yopindidwa pa mpando, yathunthu, ndikuiona ndi maso anga.

Mtsikana uja anaima pakhomo. Anandiyang'ana nkhope, ndipo ndikhulupirira kuti anazindikira zonse nthawi yomweyo, chifukwa ananong'ona kuti, "Si unanena wekha?"

Pamenepo mpata unalipo. Ndikanatha kunena kuti amayi, dzukani, ine si bwana, ndine wonyamula chikwama, tiyeni tiimbire foni munthu wa pa lole atembenuke. Lole yodzaza anthu siithamanga, mwina inali isanafike n'ku Dedza komwe. Za ku Chinsapo zinali pafupi. Ndikanapulumutsa zambiri. Koma mayi anali chigwadire, ana a pakhomo atandizungulira, ndipo m'khosi munali baji.

"Mwagawa bwino, amayi," ndinatero.

Madzulo azakhali atabwera anafunsa asanakhale n'pansi pomwe. "Bambo aja unawapeza?"

"Ndinawapeza."

"Anati bwanji?"

"Anati zayera."

Anamwetulira, n'kupita kukathira madzi a tiyi.

Lolemba ndinadzuka m'mawa n'kusesa bwalo lonse, ntchito imene ndinali ndisanaigwirepo chibwerere ku Kawale. Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali ali pakhonde. Asanafunse, galimoto ya holo inaima pa mpanda, bambo a ku Rumphi n'kutsika, suti ili yonyowa kukhosi.

"Amama, nsalu zili kuti? Alendo akulowa naini koloko."

Azakhali anatembenukira kwa ine. "Tiye m'nyumba."

Ndinafotokoza ndili chiimire pafupi ndi tebulo lositira. Nkhani imene ndaitambasula pano inatha m'mawu ochepa kwambiri. Ndinayembekeza khofi, kapena simbi. Iwo anangofunsa funso limodzi.

"Unanena pamaso pa ankhoswe?"

"Eya."

"Basi zapita."

"Ndikhoza kukwera basi lero lomwe, azakhali. Ku Phalombe si kunja. Ndikawafotokozera."

"Ukavule mpango pamutu pa mayi wa mwini? Ukatsegule sutikesi ya nkhalamba? Mtsikana wangolowa m'banja dzana, akuchimuna amve kuti kwawo anakongoletsa ndi zakuba? Iwe sukulu ija anakuchotsa mochedwa."

Anamanga bwino mpango wawo n'kutuluka. Ine ndinatsatira, n'kuima pakhomo. Bambo aja anali atayamba kale kunena kuti ngati mnyamatayu wagulitsa, iwo sangachitire mwina, nkhaniyi ipita kupolisi, chifukwa nawonso ali ndi owafunsa. Azakhali anagwada pa fumbi limene ndinali nditangosesa.

"Abambo, mwanayu musamukhudze. Ndinabwereketsa ndine kwa anzanga a chinkhoswe, ndiye sizinabwerere. Ndalakwa ndine."

Bamboyo sanali munthu wopusa. Anayang'ana azakhali, anayang'ana ine, ndipo ine ndinayang'ana tsache.

"Amama, ine ndinakuikirani kumbuyo kwa mabwana. Ndinati mayi uyu ngakhale ulusi sangataye."

"Ndikudziwa, abambo."

"Ndiye mukufuna ndikanene zimenezi? Zomwe mwanenazi?"

"Mukanene zimenezo."

Bamboyo anapukuta kumaso ndi kampango. Kenaka anatambasula dzanja kwa ine, osandiyang'ana. Ndinavula baji n'kuwapatsa. Anakulunga chingwe chake bwinobwino, kuika m'thumba, n'kukwera galimoto.

Kuti mbiri ikhale yokwanira, ndinene kuti msonkhano sunaime. Ndinamva kwa wojambula zithunzi wina kuti a ku holo anathamangira ku msika wa ku Old Town kukagula zitenje n'kuyala pa matebulo, ndipo alendo akunja anayamikira kwambiri kuti dziko lino limalemekeza chikhalidwe chake. Holo sinagwe. Ikadalipo, ndipo yabereka zinzake zazikulu. Kungoti ntchito yochapa inapita ku kampani ya makina, ndipo sinabwererenso ku lokeshoni iliyonse. Amayi awiri aja anasiya kundiyankha moni. Mmodzi ankati akandiona amalavula kumbali, mwaulemu ndithu, osati pa ine.

Sabata yotsatira matumba a makala anafika pa njinga. Azakhali anabwerera pamalo awo akale m'mphepete mwa msewu, ndipo anapeza pali kale mayi wina, moti anakhala chakumunsi, kumene magalimoto saima. Sanandikalipire tsiku ndi limodzi lomwe. Ndinayesa kupepesa katatu. Ulendo uliwonse ndikangoti "Azakhali," iwo ankati, "Nyamula thumba ilo." Ndinkanyamula. Ku Biwi sindinapondekonso, ndipo mtsikana uja sananditumire mawu. Sanauzenso mayi ake chilichonse, ndipo umboni wake ndi uwu.

Patatha masabata atatu, masana ena, tili pa makala paja, ndinaona mayi a mkwatibwi akubwera, atavala chitenje chatsopano, atakupatira nkhuku yaikazi m'khwapa. Anali atafunsira njira kwa anthu, kuti kwa abwana a ku holo ndi kuti. Ndinafuna kulowa m'thumba la makala. Azakhali anaimirira, anasamba m'manja ndi madzi a m'botolo, n'kuwalandira ndi manja awiri. Anandiuza kuti nditsale ndikuyang'anira malonda, kenaka anasintha maganizo.

"Ayi, tiye. Alendowa ndi ako."

Kunyumba azakhali anawapatsa mpando wabwino, iwo eni n'kukhala pa mkeka. Mayiyo anayamba kuthokoza. Anati ku Phalombe nkhani yake sinathe, amayi a kutchalitchi akuwala ngati angelo. Anati malume aja amatulutsa nsalu yawo Lamulungu lililonse kuionetsa alendo. Anati masiku ano ana ophunzira amaiwala anthu osauka, koma uyu ayi, ndipo anadabwa kuona kuti bwana wathunthu amathandiza azakhali ake pa makala osanyansidwa.

"Mwalera, amayi. Mulungu akudalitseni. Kankhukuka n'kochepa, koma tinati tisangokhala chete."

Azakhali analandira nkhukuyo atagwada, n'kuwomba m'manja.

"Zikomo kwambiri. Ndi mwana wa mtima wofewa ameneyu. Akaona anthu akusowa, sagona."

Anawaperekeza mpaka pa msewu, akucheza za mitengo ya tomato ndi za mvula. Atabwerera anapha nkhukuyo okha, anaikonza okha, osandituma ngakhale madzi. Ine ndinakhala pakhonde ndikumva fungo lake ngati munthu womva akukhoma bokosi lake lomwe.

Itapsa anayala tebulo lositira lija, anaika mbale imodzi yokha, n'kubwera ndi beseni ndi jagi. Anagwada pambali panga. Chibadwire anali asanandithirirepo madzi, ndipo anali asananditchulepo kuti inu.

"Sambani, abwana."

"Azakhali, chonde."

"Sambani. Madzi azizira."

Ndinasamba. Anavundukula mbale. Pamwamba pa nyama anaikapo nthutumba, imene pakhomo imapatsidwa kwa mlendo wolemekezeka kapena mwini nyumba. Iwo anatenga mbale yawo ya nyemba za dzulo n'kukakhala pa mkeka, moyang'anana nane.

"Inu simudya nkhuku?" ndinafunsa.

"Si yanga. Sindinapereke kanthu ine."

Anayamba kudya nyemba zawo mwakachetechete. Pakati pake anatembenukira kukhoma n'kutsokomola, kamodzi, kenaka kawiri, n'kupitiriza kudya. Kusiya nthutumba m'mbale ndi kunyoza wophika. Ndinaidya, ndinadyanso zotsalazo mpaka mafupa, iwo akundiyang'ana.